Mizere Itatu Basi

Kalata inalowa pa kabowo ka chitseko Lachiwiri,
ngodya imodzi itanyowa.
Khonsolo ikufunsa:
N'chiyani chingakusungeni muno mu Accrington?
Pansi pake kabokosi, mizere itatu basi,
ndipo ine ndine wa basi,
zaka khumi ndi zinayi pa chiwongolero.

Ndimalawira faifi isanakwane, galasi lili gwa ndi chisanu.
Tauni ino ndimaidziwa ngati m'kamwa mwanga,
lilime limangopita pomwe panali dzino.
Banki inazuka chaka chija cha chipale chofewa chambiri.
Pa butchala ya a Holroyd patsala pepala lofuna wa lendi,
nalo lafwifwa ndi dzuwa lomwe enafe sitiliona.
Chumuni cha fakitale ya nsalu chidakali chilili,
utsi chinasiya kalekale
ngati nkhalamba yoletsedwa fodya kuchipatala.

Pa siteji ya kumsika amakwera mayi Ashworth
ndi kachikwama ka matayala.
Ana awo atatu amakhala m'foni:
wa ku Leeds, wa ku Manchester, ndi wina kumene kumacha kuno kukamada.
Kale tinkatumiza njerwa zofiira kukamanga mizinda ya eni, amatero,
lero tikutumiza ana.
Amatsika osadikira kuti ndiyankhe.

Chaka chatha kunabwera a masuti, a kampani yaikulu.
Tinawadzalira maluwa pa raundabauti,
tinapenta mipanda ya msewu umodzi wokhawo woti adutsemo.
Ntchito mazana atatu zinali m'chikwama mwawo.
Atamwa tiyi, mayi wina mwa iwo anafunsa motsitsa mawu:
Antchito anga akaweruka teni koloko usiku,
akwera chiyani?
Wa mwana wakhanda amusiya ndi yani?
M'holo monse zii.
Akuluakulu anayamba kuwerenga zingwe za nsapato zawo.
Ine ndinali kumbuyo, yankho ndili nalo:
basi yomaliza ya kumeneko imanyamuka eyiti isanakwane,
ndimaitseka ndine.
Kampani inakatera kwina, maluwa anatsala akupatsa moni mvula.

Mbalame siwerenga chikwangwani.
Imayamba yagwedeza nthambi
kuti ione ngati ingasenze chisa.

Mwana wanga Ulemu wamaliza za magetsi ku koleji.
Sutikesi yake ili pansi pa bedi, kukamwa yasa.
Sadana nayo tauni ino, ayi,
amakonda kukwera mtunda uja Lamulungu
n'kumaloza madenga onyowa, kutchula eni ake mmodzimmodzi.
Angofuna lendi yomusiyirako ya buledi
ndi bwana wosamufunsa luso la zaka zisanu
iye ali ndi zaka makumi awiri.

Koma pali zenera limodzi.
Pansi pa fakitale yakale, Imran Sadiq watsegula kashopu
kokonza makina otenthetsera nyumba.
Akuti khonsolo inamupeputsira msonkho wa chaka choyamba,
iye n'kulemba anyamata awiri a mumsewu mwathu.
Palibe anadula riboni, palibe anajambula.
Madzulo ndikamadutsa, mazenera makumi anayi ali bii,
limodzilo likuyaka,
ndipo phazi langa limachoka lokha pamoto.
Okwera amayesa pali bampu.

Amati mlendo ndi mame.
Inenso ndinafika ngati mame, ndi jekete yobwereka,
koma kuno dzuwa ndi laulesi, silinandiumitse.
Ndinalowa pansi, ndipo panamera mwana.

Ndatenga cholembera.
Mzere woyamba: Basi ya leveni koloko usiku. Ndidzayendetsa ndine.
Wachiwiri: Mufunseni Ulemu lisanafike Loweruka,
tikiti yake ya sitima ndi ya m'mawa.

Wachitatu ndausiya wopanda kanthu.
Ndauika patebulo pafupi ndi kapu yake,
cholembera pambali, chosatseka.